Tsiku Limene Fumbani Anavomereza RPG

Abale, ine ndamvapo zibwenzi zikusokonekera chifukwa cha mowa, mameseji a pafoni, ngakhale apongozi a pakamwa. Koma chibwenzi kusokonekera chifukwa cha kompyuta? Khalani pansi ndikuuzeni za Fumbani ndi Consolata.

Fumbani ndi mnyamata wa kwa Chulu, wamtali, wamanyazi, woti akamaseka amabisa pakamwa. Anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, kenako anapeza ntchito pa Boma pano, ku kopaletivu ya alimi a fodya. Consolata ndi wa kwaya ya kutchalitchi, uja amati akakweza mawu azimayi a kumbuyo amayamba kufuna mipango yopukutira misozi. Amakhala kwa amalume ake, amene anamulera kuyambira ali kamwana. Ndiye mukudziwa kale kuti kwathu kuno wofuna Consolata ayenera kudzera kwa amalumewo. Iwo akapukusa mutu, basi, nkhani yathera pomwepo.

Tsono ku ofesi kwa Fumbani kuli chikompyuta chakuda, chachitali ngati firiji, chokhala m'chipinda chakechake chozizira. Si ngati za patebulo zija, komanso si zimphona za kumabanki akuluakulu. Fumbani amati ndi chapakatikati. M'menemo ndi mmene muli mayina a alimi onse ndi mabelo awo. Mlimi akafuna kudziwa ngati belo lake lafika ku okushoni, amapalasa njinga kuchokera kwa Chulu kapena kwa Wimbe kudzangofunsa zimenezo, nthawi zina n'kubwerera atauzidwa kuti bwerani mawa. Ndiye komiti inagamula kuti pakhale webusaiti, mlimi azingoona pafoni ali pachigafa pake. Koma kompyuta siimva Chichewa. Imauzidwa zochita m'zilankhulo zake, ndipo zilipo zambiri. Mkangano unali woti webusaitiyo ilembedwe m'chilankhulo chiti.

*

Tsiku loti mawa ndi msonkhano wa komiti, awiriwa anakumana pachiwaya cha kuseri kwa msika, kwaya itaweruka.

"Conso, amalume anga a Lazaro akuti akonzeka," anatero Fumbani. "Akungodikira unene tsiku loti adzaonane ndi amalume ako."

"Adikire kaye msonkhano wanu udutse."

"Msonkhano wa kuntchito ukutikhudza bwanji ife?"

Consolata anatola tchipisi chachitali m'mbale ya Fumbani, ngakhale yake inali yodzaza. "Tandiuzanso za mdala wako uja."

"Mdala wa RPG? Aaa, usandiyambitse!"

RPG ndi chilankhulo chakale chimene a Levison, mkulu wa makompyuta pa ofesipo, analembera mapulogalamu onse a chikompyuta chija, Fumbani akuyamwa chala.

"Mapulogalamu awo ndi abwino, sindikana," Fumbani anapitiriza. "Ine sindikufuna kuwataya. Azigwirabe ntchito mkatimo. Koma tsamba loti alimi aziona pafoni tilembe mu PHP. Ikhoza kukhala pa makina omwewo, n'kumakafunsa mapulogalamu awowo. Ndipo achinyamata oidziwa PHP ali mbwee. RPG mu Kasungu muno amaidziwa ndi iwo okha. Akadwala malungo, alimi onse adwala nawo."

"Ndiye mawa ukawauza zimenezo?"

"Pamaso! Mdala ameneyu ndi wouma mutu ngati chitsa."

"Chitsacho ndi amalume anga."

Inu! Tchipisi chinalowera kolakwika. Fumbani anatsokomola mpaka misozi, mwini chiwaya n'kuthamanga ndi kapu ya madzi. Consolata ankamumenya pamsana uku akuseka osatha kupuma.

"Conso! Wandisiya ndikuwanena miyezi yonseyi?"

"Umawanena mokoma. Umathanso kuyerekeza mmene amayendera."

"Mayo ine. Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuza ukanayamba kuwagwadira mu ofesi, Boma yonse ikanadziwa za ife ankhoswe asanamve." Anamugwira dzanja pansi pa tebulo. "Fumba, usaope. Mawa ukangonena zoona, mwaulemu. Amalume salusa ngati mmene amaonekera."

Asanayankhe, galimoto yoyera inaima pamsewu, galasi n'kutsika pang'onopang'ono. Anali Yobu. Ameneyu ndi katswiri amene komiti inamuitanitsa ku Lilongwe kuti adzapereke maganizo, wa pafyumu yoti imafika iye asanafike. Chibwerereni wakhala akugona ku resitihausi, koma madzulo aliwonse amapezeka kwa a Levison, ati kukafunsa za makina. Makina ake ati, poti makinawo ali ku ofesi?

"Sisi Conso! Tiyeni ndikakutuleni. Ndikupita kwanu komweko, ndawagulira azakhali anu shuga."

"Zikomo achimwene, miyendo ndili nayo."

"Fumbi limeneli silikuyenerani." Kenako anayang'ana Fumbani. "Mphwanga, mawa usaiwale cholembera. Pakhala zophunzira."

Galimoto inanyamuka. Fumbani anakankha mbale.

"Shuga," anatero.

"Wamva nsanje?"

"Ine? Ayi. Ndangoti shuga."

"Ukamanama khutu lako limagwedera, ukudziwa?"

*

Atafika kunyumba Fumbani anaimbira foni amalume ake kwa Chulu. A Lazaro anamvetsera nkhani yonse, mbuzi zikulira kumbuyo kwawo.

"Ndiye ukuti ukufuna ukawatsutse pagulu?" anafunsa.

"Ndi za ntchito, amalume."

"Ntchito! Iwe, ineyo ndikakhale pamphasa pa munthu amene mphwanga wamuchititsa manyazi pamaso pa komiti? Ndikayambe ndi mawu ati? Mkamwini sakweza maso, sakwezanso mawu. Akati kumwamba n'kobiriwira, iwe uziti inde, kwabiriwiradi. Za makompyuta zakozo mudzakonza ukwati ukachitika."

Fumbani asanaike foni m'thumba, meseji ya Consolata inalowa.

"Wadya?"

"Ayi. Mtima suli m'malo."

"Idya. Munthu wanjala amanena zopusa pamsonkhano."

"Ukundikondabe ngakhale ndinawatchula chitsa?"

"Ndikuganizira kaye. Ukavale shati yabuluu ija."

*

Msonkhano unachitikira m'chipinda chachikulu cha kopaletivu, mmene mumamveka fungo la fodya ngakhale atakolopamo kangati. Wapampando ndi amayi Sellah, mlimi wa zigafa zambiri, woti akavula magalasi aliyense amakhala chete. Pambali pawo panali a komiti, alimi okhaokha, ena atabwera ndi zipewa zawo za kumunda.

Woyamba anali Yobu. Anayatsa chowonetsera zithunzi pakhoma, n'kunena kuti zonse zakale zichotsedwe, zilembedwenso mu Java. Anati Java ndi yolimba, makampani akuluakulu amaidalira, ndipo makina awowo amatha kuiyendetsa bwinobwino akangowonjezeredwa mphamvu. Zinali zomveka ndithu, tisamunamizire. Koma bambo wina wa kwa Wimbe atafunsa ngati zikhala zitatha msika wa fodya usanatsekulidwe, Yobu anayamba kukonza tayi.

Kenako anaimirira a Levison. Ndi bambo wamfupi, wa imvi m'mbali, woyenda manja ali kumbuyo.

"Ine ndilibe zambiri," anatero. "RPG yatitumikira zaka zonsezi. Masamba a webusaiti nayonso imatha kutulutsa, ngakhale ntchito yake ndi yotopetsa. Ndipo woidziwa pano ndine ndekha. Maso anganso masiku ano ndi amenewa. Komabe ndikuti RPG."

Anakhala pansi n'kuyang'ana Fumbani. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka kukweza nsidze.

Fumbani anaona nsidzezo. Mumtima anati, akundichenjeza.

"Mnyamata wathu," anatero amayi Sellah, "tamva kuti nawe uli ndi maganizo ako. Tiuze."

Fumbani anaimirira, shati yabuluu itanyowa kumsana. Laputopu yake inali yotsekula, zonse za PHP zili pomwepo, ntchito imene anaivutikira mpaka kuonda nayo. Anaitseka. Anagwira manja kutsogolo ngati ali pamaliro, maso pansi.

"Ine... monga anenera achikulire."

"Watani?"

"Ndikugwirizana ndi achikulire. RPG ili bwino."

"Zonse? Ndi webusaiti yomwe?"

"Zonse, amayi."

Amayi Sellah anavula magalasi awo. "Chabwino. Mkulu ndi mwana agwirizana, ife alimi tinganenenso chiyani? A Yobu, zikomo, Java yanu tidzaiona mtsogolo. A Levison, ntchito ndi yanu. Mutipatse webusaiti msika usanatsekulidwe, ndipo muziisamalira inuyo."

Anthu anaomba m'manja. Fumbani anasuzumira kuti aone ngati a Levison akumwetulira. Anawapeza atagwira mutu ndi manja onse awiri.

*

Madzulo a tsikulo a Levison anafika kunyumba osapereka moni ngakhale kwa galu. Anakhala pakhonde nsapato zili kuphazi. Consolata anawabweretsera tiyi, n'kugwada.

"Amalume, msonkhano sunayende bwino?"

"Wayenda bwino kwambiri. Ndapambana."

"Nanga bwanji nkhope ili choncho?"

Anamuyang'ana. "Mnyamata wako uja ali ndi foni?"

Kapu inatsala pang'ono kugwa. "Mnyamata... uti, amalume?"

"Consolata, ndinakulera ine. Munthu amene kale ankandipatsa moni ali chiimire, lero m'mawa wandilandira chikwama, wandipukutira mpando, akundiyankha maso ali pansi ngati waba nkhuku. Ndipo iwe ukamachokera kukwaya umanunkha tchipisi. Muuze abwere mawa akaweruka."

Azakhali, akazi awo a Levison, anali pazenera akumva zonse. "Ngati ndi wa njinga uja, ine sindikumufuna," anakuwa. "Mwana wa galimoto uja ndiye waulemu. Amadziwa kuti m'nyumba mumafunika shuga."

Consolata anathawira kuchipinda n'kulembera Fumbani meseji.

"Wachita chiyani kumsonkhano?"

"Ndawavomereza. Zonse. Ndachita bwino eti?"

"Fumba. Ndinati ukanene zoona."

"Amalume anga anati ndisawatsutse."

"Akukufuna mawa. Ndipo akudziwa za ife."

Fumbani anayamba kulemba, n'kufufuta, n'kuyambanso. Pomaliza inangobwera meseji yoti, "Ndivale shati iti?"

*

Fumbani anafika dzuwa litapendeka, njinga n'kuisiya kunja kwa mpanda. A Levison anali pansi pa mtengo wa mango. Panali mpando wina wopanda munthu, koma Fumbani ananjuta pansi chapatali, n'kuomba m'manja.

"Khala pampando."

"Pano pali bwino, achikulire."

"Ndati pampando. Kunjuta kwakoko n'kumene kwandipha dzulo."

Anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando. Consolata anali kuseri kwa nyumba, ati akusankha mtedza, koma lichero linali lopanda kanthu.

"Pulani yako ya PHP ndinaiona," anayamba a Levison. "Unasiya laputopu yotsekula tsiku lina ukupita kukagula mandasi. Ndinawerenga yonse. Mapulogalamu anga unawasiya mmene alili, iwe n'kumanga khonde kutsogolo kwake. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikuimba nyimbo. Afunse azakhali akewa."

Fumbani anakweza maso koyamba.

"Kwa Wimbe ndili ndi munda. Zigafa zanga zikugwa chimodzichimodzi, chiswe chikudya mitengo, ine ndili m'chipinda chozizira ndikuyang'ana zilembo zobiriwira za pakompyuta. Ndatopa, mwana iwe. Ndimati webusaiti ikakhala m'manja mwa achinyamata, ine ndizingobwera mwa apo ndi apo kudzaona mapulogalamu anga akale."

"Nanga... nanga bwanji munati RPG?"

"Umafuna ndiimirire pamaso pa alimi n'kunena kuti chilankhulo changa chakalamba? Mawa lake Boma yonse ikanati Levison walephera, wathawa ntchito. Munthu wamkulu sadzichotsa yekha. Amagonja mwaulemu, anthu n'kumati anamvera ana. Ndinalankhula mofooka dala. Ndinatchula maso anga. Ndinatchula kuti ndili ndekha. Ndinakukwezera nsidze mpaka mutu kundipweteka!"

"Ine ndimayesa mukundiopseza."

"Ndimakuitana!"

Kuseri kwa nyumba kunamveka kuseka kotsamwitsidwa ndi chitenje.

"Pepani, achikulire," anatero Fumbani. "Ndimaopa kuti ndikakutsutsani simudzawalandira amalume anga. Ine Consolata ndimamukonda. Ndikanavomereza ngakhale mukanati tilembe webusaiti ndi makala."

A Levison anayesa kuumitsa nkhope, koma pakamwa panawagwedera. Anatsokomola.

"Zoti umamukonda ndaziona. Zandidyera zaka zanga za kumunda." Anawerama, n'kutsitsa mawu. "Tamvera. Mwana ameneyu ndi wamakani, anatengera mayi ake, mlongo wanga. Tsiku lina adzalakwitsa, ngati mmene tonse timalakwitsira. Udzamuuza? Kapena udzati monga anenera amayi?"

"Ndidzamuuza."

"Ayesere!" anatero mawu a kuseri kwa nyumba.

"Sankha mtedza iwe!" anakuwa a Levison. Kenako anatembenukira kwa Fumbani. "Nayi nkhani yanga. Ukapemphe amayi Sellah aitanitsenso komiti. Ukaimirire pamaso pa anthu omwe aja, undiyang'ane m'maso, unene kuti a Levison munalakwitsa. Ine ndidzakana pang'ono, iwe usadzabwerere m'mbuyo. Komiti ikasintha, auze amalume ako abwere, mphasa ndidzayala ndekha. Zisanatero, pakhomo pano asapondepo."

Fumbani potuluka, Consolata anamuperekeza mpaka pampanda. Anamukonzera kolala ya shati, ngakhale inali bwinobwino.

"Makala, Fumba? Webusaiti ya makala?"

"Zinangotuluka."

"Ndazikonda." Anayang'ana kunyumba ngati azakhali akuona, n'kumutsina patsaya. "Pita ukawachititse manyazi amalume anga. Mwaulemu."

*

M'mawa mwake Fumbani sanadikire kuti amayi Sellah abwere ku ofesi. Anapalasa njinga mpaka kumunda kwawo, n'kuwapeza m'chigafa akuona ngati fodya wauma bwino, masamba ofiirira ali lendelende pamwamba pawo. Anafotokoza zonse za PHP, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Za Consolata ndi za munda wa kwa Wimbe sanatchule.

Amayi Sellah anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"Zomveka bwino kwambiri. Pakamwa pamenepa panali kuti dzana?"

"Ndinachita mantha, amayi."

"Mantha akowo atidyera nthawi. A komiti abalalika, aliyense ali pa fodya wake. Uyu akusankha masamba, uyu akudinda mabelo. Ndiwaitanenso kuti mwana wasintha maganizo? Komiti idzakhalanso msika ukatsekedwa."

"Amayi, imeneyo ndi miyezi yambiri!"

"Ukuthamangira kuti? Ndiponso nkhawa yako yoti a Levison ali okha yatha. Mnzako wa ku Lilongwe uja anabwera dzulo. Akuti Java aiika kaye pambali, akufuna aphunzire RPG kwa a Levison, aziwathandiza. Mwana wodzichepetsa bwanji! Tamulemba ntchito."

Fumbani anagwira mtengo wa chigafa.

"Yobu? RPG? Dzana lomweli amati ndi chilankhulo cha makolo akufa!"

"Anthu amasintha. Iwenso si wasintha?"

Anatuluka m'chigafamo osaona kumene akuponda. Ali pafupi ndi njinga, foni inanjenjemera m'thumba. Anali Consolata.

"Uli kuti?"

"Kwa amayi Sellah. Akana. Akuti mpaka msika utatsekedwa."

"Fumba, khala pansi kaye."

"Ndauzidwa kale za Yobu."

"Sunauzidwe zonse. Wawauza azakhali kuti ku resitihausi kuli nsikidzi, komanso wophunzira amafunika kukhala pafupi ndi mphunzitsi wake. Amalume ali kuntchito, sakudziwa kanthu. Azakhali amupatsa chipinda cha kuseri kwa nyumba yathu."

Fumbani anakhaladi pansi, pa udzu wonyowa ndi mame. Meseji ina inalowa.

"Galimoto ili pabwalo, akutsitsa masutikesi. Azakhali akumutchula kale kuti mwana wathu, ndipo akuti ndisiye foni ndikamuyalire bedi."